Chifukwa Chimene Ndinkatulukira Pakati pa Ulaliki

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka m'chaka cha 1888, m'mwezi wa Novembala, tsiku Lolemba, nkhungu zikufuka panyanja, mvula isanagwe. Ndinalilemba pa sileti, chifukwa pepala masiku amenewo linkakhala ndi Mzungu yekha. Siletiyo ndinaisiya pakhonde la sukulu m'mawa. Pofika masana wina anali ataifufuta ndi malovu n'kulembapo masamu. Kuyambira tsiku limenelo sindinatayepo pepala, ndipo chilichonse chimene ndimatumiza ndimayamba ndachilemba kawiri. Bokosi lachitsulo limene mumakhalira mukabwera kudzandiona, limene mlongo wanu Jesi amalumbira kuti muli chuma, muli zimenezo. Mudzagawana.

Ndikukulemberani nonse, ana inu, koma makamaka iwe Robati, popeza ndamva kuti tsopano ndiwe mlembi wa seshoni ya mpingo, ndipo umayenda ndi cholembera pathumba ngakhale popita kukakoka khoka. Ndikulemba m'Chinyanja chifukwa ndicho tinaphunzirira kulemba. Mabuku oyamba anabwera pa sitima kuchokera kum'mwera, ndipo dzanja langa silinazolowere china, ngakhale pakamwa pali Chitonga.

Ine agogo anu sindinabatizidwe. Izi mukuzidziwa. Chifukwa chake ndicho simuchidziwa, ngakhale mumanong'onezana kuti pali nkhani ya mkazi. Palibe nkhani ya mkazi. Pali nkhani ya mimba. Amene akufuna kuseka aseke tsopano, amalize, chifukwa kutsogoloku ndifuna makutu.

Inu munabadwira poyera. Nyumba ya atate anu ili apa, ya amalume anu ili uko, pakati pali chinangwa, kuseri kuli chimbudzi chimene mesenjala wa boma anakukakamizani kukumba, chachitseko, chimene mumalowamo ngati mafumu n'kumaimbiramo nyimbo za malipenga. Ife tinakulira mu linga. Anthu a chigawo chonse chino tinaunjikana pamchenga wa Chintheche ngati usipa pathandala, mitengo yosongoka kuzungulira, minga kunja kwake, nyanja kumbuyo, chifukwa Angoni ankatsika m'mapiri nthawi imene afuna. Mnzako akayetsemula m'nyumba mwake, iwe unkapukuta nkhope m'nyumba mwako.

Tsono m'malo otero munthu amadzithandiza kuti? Kunyanja ayi, popeza mbali yathu ndiyo akazi ankatungako. Amuna tinkatuluka pagulu m'mamawa kupita m'bango la kumtsinje, mlonda wa mkondo ali patsogolo. Mlonda wathu anali Ada Kapinjiri, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene pa moyo wake wonse sanalasepo mdani, koma anawononga mimba za amuna ambiri kuposa njala. Ukangonyonyomala, iye wayamba.

"Tiyeni, tiyeni. Mukumanga nyumba m'menemo? Udzu ukugwedezeka uko."

Udzu unkagwedezeka tsiku lililonse, chifukwa kunyanja kuno mphepo siitha. Koma ndani akanadikira kuti aone ngati ndi mphepo? Unkadula ntchito pakati n'kuthamanga, nsalu ili m'manja. Thupi likakuitana masana, unkaliuza kuti lidikire mawa, pakuti Ada Kapinjiri sankatuluka kawiri. Ndipo thupi lili ngati galu, ana inu: ukamamuthamangitsa nthawi zonse akabwera, amaleka kubwera ukamuitana.

Onjezanipo chakudya. Minda ya kutali tinaisiya. Mkazi kupita kukathyola masamba kunali kuika moyo pachiswe. Chinangwa chokha ndicho chinkatipirira: kuzula mothamanga, kuviika, kuyanika, kusinja. Kondowole lero, kondowole mawa, ndiwo yake usipa wouma. Inu mumamukonda kondowole, inenso ndimamukonda, musandinamizire. Koma kondowole wopanda masamba ali ngati phula lomatira bwato. Amatseka pamene pakudontha, ndi pamene sipakudontha pomwe.

Tsopano ndifotokoze matendawo bwinobwino, chifukwa mawu amenewa ndi amene akhala akukanika kutuluka pakamwa pa anthu ophunzira zaka zonsezi. Sikunali kutsegula m'mimba. Sikunalinso kudzimbidwa kumene munthu amangokhala osapita. Ine ndinkapita. Ndinkatchima mpaka kuona nyenyezi dzuwa likuwala, n'kutuluka tinthu touma ngati ta mbuzi. Ndikadzuka, ndikamanga nsalu, ndikayenda pang'ono, thupi n'kundiuza kuti sunamalize. Kunsi kwa msana kunkalemera ngati ndamangirira mwala wa khoka. Ndikabwerera, palibe kanthu, kapena kochepa kosayenera ulendo wake. Ndikachoka, kulemera kuja kulipobe. Mimba inkatupa ngati ng'oma, mpweya sunkamvera mwini wake, chakudya sindinkachifuna, mtima unali wapachala. Masiku ena, chifukwa cha kutchima, patsamba pankaoneka timagazi. Chovuta kuposa zonse chinali kukhala pansi nthawi yaitali. Ndikakhala pa chinthu cholimba, kuitana kuja kunkakula mpaka makutu anga sankamvanso china.

Ndalemba zonse. Dzanja silinapuwale, denga silinagwe. Robati, ona kuti n'zotheka.

Mankhwala ndinamwa, musaganize kuti ndinangokhala. Amalume ananditengera kwa sing'anga amene anayang'ana m'nsupa mwake n'kupeza kuti wina wandimanga m'chiuno. Anapeza zomwezo kwa aliyense amene anapitako, ndiye mwina linga lonse tinkangomangana. Ananditema mphini zimene ndili nazo mpaka lero, n'kundipatsa muzu wowawa umene unanditsuka tsiku limodzi ngati mtsuko, kenako n'kundisiya wouma kuposa kale. Zitakanika, tinayesa njira ya makolo: chipanda cha khosi lalitali, kabango kosalala, madzi ofunda a makungwa, wodwala atagwada, mutu pansi. Wouzira anali amalume. Zinkathandiza mpaka mawa lake basi, ndipo ine ndi amalume sitinayang'ananenso m'maso mpaka imfa yawo. Inu mukamadandaula kuti dotolo wakuuzani kutulutsa lilime, muzikumbukira agogo anu.

M'zaka zomwezo Azungu a mishoni anamanga sukulu kunja kwa linga, pakamtunda. Ndinalowa ndili kale ndi ndevu zoyamba, nditakhala pakati pa tiana, ndipo sindinachite manyazi. Zilembo ndinazigwira msanga kuposa onse. Izi sindikudzitama, pepala lake lili m'bokosi. Ndinalowanso kalasi ya ofuna ubatizo, n'kusankhiratu dzina: Filemoni. Ndinkalilemba pamchenga mafunde n'kumalifufuta. Sindinadziwe kuti mafundewo akundiphunzitsa kayendedwe ka mpingo. Chaka chomwecho ndinakwatira agogo anu aakazi, NyaKamanga, n'kumanga kanyumba koyang'anana ndi ka mayi awo, popeza mu linga malo sankasankhidwa.

Sukuluyo Lamulungu inkasanduka tchalitchi. Mipando yake inali mitengo yong'ambidwa pakati, ndipo amene anaing'amba ayenera kuti ankadana ndi anthu. Mzungu ankalalikira m'chinenero chake, kenako Yeremiya, mphunzitsi wothandizira amene anabwera naye kuchokera kum'mwera, n'kumasulira. Chilichonse chinkanenedwa kawiri, ndipo mbali ya Yeremiya inkatalika kuposa ya mwini ulaliki. Inu a masiku ano mumayang'ana wotchi ya mkono mlaliki akadutsitsa pang'ono. Ife wotchi yathu inali dzuwa, ndipo linkayenda ndithu. Ine ndinkapirira nyimbo, pemphero, kuwerenga. Ulaliki ukafika pakati, mwala uja wayamba. Ndinkadzuka mwakachetechete n'kutuluka.

Njira yochokera kusukulu kupita m'bango inali imodzi, ndipo inkadutsa kuseri kwa nyumba ya NyaManda. NyaManda anali mkazi wamasiye wamsinkhu wabwino, amene anatopa ndi kuthinana kwa mu linga n'kukamanga pafupi ndi sukulu, poganiza kuti pamene pali Mzungu mikondo siifika. Ankayanika nsomba, ankafulula mowa, ndipo ankaseka mokweza. Zitatuzi zinali zokwanira kuti anthu azimuyang'ana cham'mbali. Yeremiya, ataima kutsogolo, ankaona pazenera msana wanga ukulowera kumeneko Lamulungu lililonse.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinapite kukapempha mankhwala kwa Mzungu. Ndinapita. Tsiku la mankhwala linali Loweruka, pakhonde lomwelo, odwala titandandalika, akazi ndi ana kumbuyo kwanga, womasulira Yeremiya. Atandifunsa chikundivuta, ndinangoti, "M'mimba," n'kuloza. Mzungu anagwedeza mutu ngati wamva zonse, n'kundipatsa timibulu takuda toti ndimeze pogona. Ndinameza mokhulupirika. Palibe amene anandiuza kuti timibuluto timadzuka nthawi imodzi ndi belu la tchalitchi.

Lamulungu limenelo sindinadikire n'komwe ulaliki. Ndinatuluka, ndinabwera, ndinatulukanso. Ulendo womaliza miyendo inakana kundinyamula, n'kukhala pansi kuseri kwa nyumba ya NyaManda, thukuta kamukamu, nsalu yomangidwa mokhota. Iye anatuluka, anandiyang'ana, anangondipatsa madzi m'chikho. Ndicho chigololo chonse chimene ndinachita pa moyo wanga, ndipo mkazi wa Yeremiya anachiona ndi maso ake awiri.

Patapita sabata, anandiitanitsa pakhonde la sukulu mapemphero atatha. Panali Mzungu pampando, Yeremiya ataima, a m'kalasi atakhala pansi, NyaManda payekha chapatali. Agogo anu aakazi anali m'chikuta, atangobereka atate ake a Robati, ndiye sakanatuluka. M'malo mwawo, kuti banja lolakwiridwa limve chilungamo, anaitana mayi awo. Apongozi anga.

Apa ndiime kaye, chifukwa inu a masiku ano mumadya mbale imodzi ndi apongozi anu, ndipo ndamva kuti ku Halale ena amawagwira chanza n'kuwafunsa ngati agona bwino. Nthawi yathu, ukakumana ndi apongozi panjira unkapatukira m'tchire ngakhale muli minga. Sunkawayang'ana kumaso. Sunkadya iwo akuona, sunkamwa, sunkayasamula. Pamaso pa apongozi mkamwini analibe mimba. Anali mutu ndi manja ogwira ntchito basi. Munthu wotchula za kuthengo iwo akumva anali ngati wavula pabwalo, ndipo mkazi ankamulanda tsiku lomwelo, mudzi wonse n'kuvomereza. Yeremiya ankazidziwa izi, kwawonso zinaliko. Mzungu yekha ndiye sankadziwa, ndipo palibe amene anaona kuti n'kofunika kumuuza.

Apongozi anakhala kuseri kwa nsanamira, atatembenukira kumbali, nsalu kumutu.

"Chiwoko," anatero Yeremiya, "Bwana akufunsa. Umapita kuti pakati pa Mawu?"

"Ndimapita panja, Ada."

"Panja tonse tikupadziwa. Panja pati?"

Ndinayang'ana zala za kumapazi kwanga. Ndinaona kuti chikhadabo chimodzi chang'ambika. Mpaka lero ndikuchikumbukira.

"Ndikupempha kuti ndiyankhe kwa Bwana yekha, kuseri."

Yeremiya anatembenuza mawu angawo, ndipo monga mwa chizolowezi chake anatalika kuposa mwini wake. Zimene anaikamo sindikuzidziwa. Mzungu anayankha mwachidule, nkhope itafiira.

"Bwana akuti choonadi sichifuna kuseri."

Anatembenukira kwa NyaManda. Iye sanadikire kufunsidwa kawiri.

"Ine ndinamupatsa madzi. Kodi m'buku lanulo madzi analetsa? Munthu anali akunjenjemera ngati kambuzi kobadwa kumene."

"Nanga chinamunjenjemeretsa n'chiyani, Ama?" anatero Yeremiya mofatsa.

A m'kalasi anaseka, ena mpaka kugwira pansi. NyaManda anayang'ana nsanamira imene apongozi anabisalako, kenako anayang'ana ine.

"Mwini wake ali apo. Pakamwa ali napo."

Pakamwa ndinali napo ndithu. Ndinalinso ndi mkazi m'chikuta ndi mwana wa masiku ochepa. Mawu amodzi akanandibwezera kalasi n'kundilanda awiriwo. Ndinakhala chete. Mzungu anadikira, ndipo kunena zoona anadikira nthawi yaitali, chifukwa sanali munthu woipa, anali munthu wosauzidwa. Kenako analamula kuti ndichoke m'kalasi kufikira nditavomera tchimo langa ndi kulapa, ndiponso kuti NyaManda asapondenso pasukulu. Mawa lake ndi Lolemba lija la sileti. Ndinalembapo zonse monga ndalembera pano, poganiza kuti chimene pakamwa sipanganene dzanja lingathe. Masamu anapambana.

Agogo anu aakazi atatuluka m'chikuta anapita okha kwa mkazi wa Yeremiya kukafotokoza. Anayankhidwa kuti, "Mwana wanga, tonse amuna athu timawaikira kumbuyo. Ukakula udzaleka." Ine ndinapeza pepala, lokulungira sopo, n'kulembanso. Lisanawerengedwe Mzungu uja anagwidwa ndi malungo, anamukweza pa sitima, sanabwerenso. Wolowa m'malo mwake anati nkhani zakale zidikire mpingo ukadzakhala ndi akulu akeake. Ndinadikira. Anzanga a m'kalasi anabatizidwa, ena amene ndinkawagwira dzanja polemba. Anakhala akulu a mpingo. Anakhazikitsa seshoni, n'kuika lamulo labwino kwambiri lakuti kalata iliyonse yodandaula iziwerengedwa mokweza pamaso pa onse, kuti pasakhale chobisika.

Lamulo limeneli ndilo landisunga kunja mpaka lero. Mlembi aliyense amatsegula kalata yanga, amawerenga moni, amafika pamzere wachiwiri, n'kugwidwa ndi chifuwa. Kenako ndimalandira kapepala kakuti nkhaniyi yaimitsidwa kufikira msonkhano wina. Timapepala timeneti ndili nato mtolo. Inki yake yasintha, manja olemba asintha, mawu ndi omwewo, moti ndimaganiza kuti mlembi akamafa amanong'oneza womutsatira.

Mmodzi wa iwo, munthu wachifundo, anabwera kunyumba kuno n'kukhala pabokosi lomwelo.

"Ada Longwe, bwanji mungovomera? Ndi mawu awiri okha. Ndinachimwa, ndalapa. Sabata yamawa madzi ali pamutu."

"Ndivomere chimene sindinachite?"

"Taonani, Ada. Chigololo timachiwerenga mwezi uliwonse, sitivutika nacho. Koma izi mwalembazi, munthu aziwerenge ataima pafupi ndi tebulo limene timaikapo mkate?"

Ndinamufunsa ngati amene analenga mkatewo sanadziwe kumene umathera. Anati ndine wouma mutu, ndipo ndinamuuza kuti kuuma ndi nkhani imene ndikuidziwa bwino kuposa iye. Sanabwerenso.

Mimbayo inachira, ngati pali amene akufuna kudziwa, ndipo sing'anga wake woyamba anali mtendere. Nkhondo zitatha, anthu anatuluka mu linga, aliyense kukalima kumene akufuna. Ife tinamanga pano. Agogo anu aakazi anayamba kuphika chigwada, nkhwani, therere, nyemba. Tinadzala mapapaya kuseri. Ndinkamwa madzi ambiri m'mamawa, nthawi zina oviikamo bwemba. Ndinkayenda kupita kumunda ndi kubwera. Koposa zonse, ndinali ndi tchire langalanga kumene kunalibe Ada Kapinjiri. Sizinathe tsiku limodzi. Thupi linatenga nthawi kuti likhulupirire kuti palibenso wolithamangitsa, ndipo masiku ena ndinkadzidzimukabe udzu ukagwedezeka.

Nditakula, matendawo atayambanso kundizonda, ndinapita kuchipatala cha mishoni. Kumeneko ndinapeza dotolo wodziwa Chitonga, m'chipinda chotseka, wopanda womasulira, wopanda apongozi. Ndinalankhula ngati mtsinje wosefukira. Anandipima ndi chala pamalo pamene amalume okha anayandikirapo, n'kunena kuti palibe chotupa. Anandiletsa timibulu takuda ndi mizu yotsuka, ati zikazolowereka matumbo amachita ulesi n'kumadikira chikwapu. Anati ndisamatchime, popeza kutchima kumatupitsa mitsempha ya kumeneko, ndipo mitsempha yotupa imanamiza munthu kuti mwatsala kanthu pamene mulibe. Anati thupi likaitana ndizipita nthawi yomweyo, ndizinyonyomala bwino mawondo ali m'mwamba, ndizipuma modekha, ndipo zikakana ndizidzuka, osakhalira kukangana nazo. Ndinamupempha kuti alembe. Analemba. Ndinatumiza kuseshoni, ndipo anandiyankha kuti pepala la chipatala ndi nkhani ya chipatala. Chipatalacho ndi tchalitchicho zinamangidwa ndi njerwa za uvuni umodzi.

Inu amene muli ku Halale ndi ku Joni, amene mumanditumizira zithunzi mutavala suti, mumadya buledi woyera ndi tiyi, mumakhala pampando tsiku lonse, ndipo ndamva kuti kapitawo amakuwerengerani nthawi mukapita kuseri. Ada Kapinjiri sanafe, anangovala chipewa. Idyani masamba, imwani madzi, musaumirize thupi kudikira. Ndipo magazi akapitirira, kapena mukayamba kuonda, kapena zikakuyambani mwadzidzidzi muli kale achikulire, musandilembere ine, pitani kuchipatala, mukanene ndi mawu ake enieni. Manyazi sanachizepo munthu. Ine ndawayesa nthawi yokwanira.

Apongozi anga anakhala ndi moyo wautali, wautali kwambiri, monga amachitira apongozi onse a anthu amene ali ndi mlandu wotere. Zaka zonsezo ndinkawapatukira panjira, ndinkawatumizira nsomba yoyamba ya khoka, ndinawamangira nyumba kawiri. Atadwala matenda awo omaliza, tsiku lina masana ndikukonza denga la nkhokwe yawo, ndinamva mawu kuchokera m'kati, kudutsa khoma la bango.

"Akamwini, muli panjapo?"

Ndinatsika n'kunyonyomala, msana ku khoma. "Ndili pano, Ama."

"Ija nkhani ya pakhonde la Mzungu. Ndinkadziwa."

Mawu aja anapitiriza kuseri kwa bango.

"Akazi tonse tinkadziwa. Tinkakuonani tikamaviika chinangwa kumtsinje, kulowa m'bango, kutuluka, kulowanso. Mukuganiza kuti anauza mwana wanga kuti azikuphikirani therere ndani?"

"Nanga bwanji simunanene tsiku lija, Ama?"

"Ine? Kutchula mimba ya mkamwini pagulu? Mukundiyesa wosaleredwa?" Anatsokomola kanthawi. "Inunso mukanatchula, ndikanamutenga mwana wanga dzuwa lisanalowe. Ndinabwera nditakonzeka."

Nkhuku inadutsa pakati pa miyendo yanga. Ndinaisiya.

"Munachita bwino," anatero. "Muli ndi mwambo."

Anamwalira sabata yomweyo. Umenewo ndi umboni wokhawo umene ndinalandirapo pa mlandu wanga, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene ndilibe pepala lake.

NyaManda anamwalira ndi dzina loipa. Zidzukulu zake mumazidziwa, ndi zija amayi anu amakuuzani kuti muzingozipatsa moni wapatali. Agogo anu aakazi anabatizidwa okha, ine ndikuonera pazenera lomwe lija Yeremiya ankandionera. Atamwalira munawanyamula ndi nyimbo kuyambira pakhomo pano mpaka kumanda, amayi a mpingo atavala zoyera, ine ndikutsatira kumbuyo ngati mlendo wodutsa. Usiku wawo womaliza usanafike anandiuza kuti, "Musachedwe ndi makalata anuwo, ndikakudikirani." Ine ndikafa lero mudzandinyamula chete ngati thumba la makaka, n'kukandiika pambali pawo popanda ngakhale vesi. Miyendo yayamba kutupa, maso akuchita nkhungu. Msonkhano wina umene akhala akundilonjeza uja ndikhoza kukaupeza kumwamba, ndipo kumeneko ndikakumana ndi Yeremiya womasulira.

Robati, iwe ndiwe mwana wa khanda lija linali m'chikuta. Ndikanatsegula pakamwa tsiku limenelo, atate ako akanakulira kwa bambo wina, ndipo cholembera chili pathumba pakocho chikanakhala pathumba la munthu wina. Sindikukuuza izi kuti undikondere. Ndikukuuza kuti chifuwa chikakugwira pamzere wachiwiri, umwe madzi, upitirize.

Chotero ine, Chiwoko Longwe, wokhala kumtunda kwa Chintheche, amene ndinachotsedwa m'kalasi ya ofuna ubatizo m'chaka chatchulidwa pamwambapa, ndikupempha mwaulemu kwa mlembi ndi kwa akulu onse a seshoni kuti kalata ino iwerengedwe mokweza pamsonkhano ukubwerawu, yonse, osadumpha ndime ya tinthu ta mbuzi. Ndikupempha kuti zilembedwe m'buku la mpingo kuti pakati pa ine ndi malemu NyaManda panadutsa chikho cha madzi basi, ndipo zidzukulu zake ziuzidwe. Ndikupempha kuti ndibwezedwe m'kalasi popanda kulapa chimene sindinachite, ndipo ndibatizidwe ndi dzina la Filemoni, limene lakhala likundidikira osagwiritsidwa ntchito. Ndili wokonzeka kudzaonekera ndekha. Ndidzabwera ndi mpando wanga, ndipo ndikadzatuluka pakati pa msonkhano, nonse mukudziwa tsopano kumene ndapita.

Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe ndikadali ndi maso owerengera, ndipo yankho lake likhale papepala, osati pa sileti.